Chithunzi cha tisheti chikuoneka ngati ndamatapo pepala, ndichite bwanji?

Lachiwiri madzulo

Amake Tiyamike, 19:14
Mwaswera bwanji abale. Ndine uja wa ku Chilenje amene munandilowetsa m'gulu muno mwezi watha, ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete. Lero zandivuta. Abale athu a ku Katete okhala muno mu Lusaka andipatsa oda ya matisheti 45, akufuna kukavala ku mwambo wa Kulamba kumapeto kwa August. Amene akusunga ndalama zawo akuti sapereka kanthu mpaka aone mmene tisheti idzaonekere. Ndiye ndatenga chithunzi cha tisheti pa intaneti, ndaikapo zilembo ndi chizindikiro chawo pa Canva. Koma ngakhale ine mwiniwake ndikachiyang'ana mtima ukukana. Nsalu ili ndi makwinya, zilembo zili myaa ngati ndadula pepala n'kumata pamwamba. Ndikatumiza chonchi adzati mayi uyu ntchito saidziwa. Ndithandizeni.

Tembo, 19:20
Amayi, tsitsani opacity, imene imachititsa dizaini kuoneka yolimba kapena yozimiririka, ifike pa 85 kapena 90. Ine ndimatero pa PicsArt, pa foni pomwepa, ndipo palibe anadandaulapo.

Chikondi, 19:31
A Tembo, njira imeneyo imathandiza pang'ono, koma imangozimiriritsa dizaini yonse mofanana. Zilembo zimaoneka zosuluka ngati tisheti yachapidwa kakhumi, pamene makwinya sakuonekabe bwino.

Amake Tiyamike, chimene diso lanu likusowa pamenepo ndi mthunzi. Tayang'anani malaya amene mwavala panopa. Pamene nsalu yalowa m'kati pada, pamene yatukumuka pawala. Inki ikakhala pansalu imada ndi kuwala limodzi ndi nsaluyo. Dizaini yanu ili ndi kuwala kumodzimodzi kuyambira kumanzere mpaka kumanja, n'chifukwa chake ikuoneka ngati ikuyandama. Ntchito yonse yagona pa kutenga mthunzi wa nsalu n'kuuika pamwamba pa zilembo. Muli ndi laputopu?

Amake Tiyamike, 19:35
Ilipo ya abambo akunyumba kuno, koma mulibe Photoshop. Komanso magetsi apita chamasana, batire yatsala theka.

Chikondi, 19:40
Theka likwana. Tsegulani Photopea pa Chrome. Ndi yaulere, sifuna kuiika m'kompyuta, ndipo imafanana kwambiri ndi Photoshop, ngakhale mafayilo a PSD imatsegula. Zithunzi zanu sizikwera pa intaneti, ntchito yonse imachitikira mu laputopu momwemo, ndiye bandulo siipita kwambiri. Tsegulani chithunzi cha tisheti, kenako muikepo dizaini pamwamba. Ikhale PNG yopanda chakumbuyo, chifukwa JPEG imabwera ndi bokosi loyera kuzungulira zilembo. Kudzanja lamanja, pamene pali ma layer, zithunzi zija zosanjikizana, muona palembedwa Normal. Dinani pamenepo musankhe Multiply.

Amake Tiyamike, 19:53
Mayo ine! Zilembo zasowa zonse. Ndalakwitsa pati?

Chikondi, 19:54
Tisheti yake ndi yamtundu wanji?

Amake Tiyamike, 19:54
Yakuda. Zilembo zoyera, chizindikiro chofiira ndi chachikasu.

Chikondi, 20:03
Pepani amayi, ndimayenera kufunsa zimenezi poyamba. Simunalakwitse ayi. Multiply imangodetsa, siwalitsa. Chilichonse choyera imachisandutsa ngati galasi la pawindo, mumaona chimene chili pansi pake. Pa tisheti yoyera zimenezi zimatithandiza, chifukwa makwinya amaonekera m'kati mwa dizaini. Koma pa yakuda zonse zimamira mumdima.

Bwezerani dizaini pa Normal. Tsopano pangani kope ya layer ya tisheti, muikweze pamwamba pa dizaini. Muichotse mtundu ndi Desaturate. Kenako tsegulani Levels, mukoke kachizindikiro kakumanja kubwera nako kumanzere, pang'onopang'ono, mpaka tisheti yakuda ija isanduke yotuwa, malo osalala akhale pafupifupi oyera, makwinya okha atsale akuda. Idzaoneka yoipa, musadandaule. Layer imeneyo ndiyo muipatse Multiply. Chomaliza, dinani kumanja pa layeryo musankhe Clipping Mask, kuti mthunziwo ugwere pa dizaini pokha, usaononge tisheti yonse.

Mukafuna kuonjezera, pangani kope ina yosaiwalitsa kwambiri, muipatse Screen, opacity yake ikhale yotsika, mwina 20 kapena 30. Imeneyo imabweretsa kuwala pamene nsalu yatukumuka. Ndiye kuti dizaini yakhala pakati, tisheti pansi, mthunzi ndi kuwala pamwamba.

Amake Tiyamike, 20:21
Eee, zasintha! Chilembo cha K chada pamene padutsa khwinya. Tsopano zikuoneka ngati zili pansalu ndithu. Mulungu akudalitse mwana wanga.

Aphiri a ku Kamwala, 20:26
Chikondi waphunzitsa bwino, palibe chimene ndingachotsepo. Koma amayi, musanatumize chithunzicho ndiyankheni funso limodzi. Matisheti amenewa mudzawasindikiza ndi chiyani?

Amake Tiyamike, 20:28
Ndili ndi pulinta ya sublimation ndi heat press, makina odindira ndi kutentha, bambo. Ndinagula mu March. Ndapangapo kale makapu ndi matisheti oyera a ana a Sande sukulu, anatuluka bwino.

Aphiri a ku Kamwala, 20:41
Ndiye imani kaye. Chithunzi chimene mwapangacho ndi chabwino, koma makina anu sangatulutse zimenezo.

Sublimation ilibe inki yoyera. Choyera chimene mumachiona pa makapu anu ndi kapuyo, si inki. Inki yake ikatenthedwa imasanduka nthunzi n'kulowa mu ulusi wa polyester, ndiye imangodetsa nsalu, siingaiwalitse. Mukaika pa tisheti yakuda, mukasenda pepala mudzapeza palibe chooneka. Pa thonje nayonso siigwira bwino, imasuluka pochapa. Kunena zoona, Multiply ija inasowetsa zilembo zanu inakuuzani chilungamo cha sublimation. Zimene munaona pa sikirini pa 19:53 ndi zimene zikanatuluka pa heat press.

Ine ndakhala pa ntchito imeneyi kuyambira nthawi ya sefa ndi inki ya m'chitini, kompyuta tisanaidziwe. Kale kasitomala tinkamuonetsa tisheti yeniyeni. Lero timamuonetsa chithunzi, palibe cholakwika, koma chithunzicho ndi lonjezo. Akapereka ndalama, wagula chimene waona pa foni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musalole chithunzi chanu chikhale mkuyu.

Amake Tiyamike, 20:47
Thupi lachita tsemwe. Ndimati mawa ndikagule matisheti akuda 45 ndi ndalama zanga kuti ndisachedwe. Wakutsina khutu ndi mnansi, zikomo Aphiri. Nanga ndichite bwanji? Iwo akufunitsitsa akuda.

Aphiri a ku Kamwala, 20:55
Njira zilipo. Yoyamba ndi DTF. Imasindikizidwa pa filimu, kumbuyo kwa mitundu yonse amaikako inki yoyera ndi ufa womatira, ndiye imagwira pa nsalu yakuda, ya thonje kapena ya polyester. Simufunika kugula makina ake. M'tauni muno alipo ambiri amene amasindikiza filimu n'kukugulitsani pa mita, inu mumakangodinda kunyumba ndi heat press yanu yomweyo. Ina ndi vinyl yodula, imeneyo ndi yabwino pa zilembo zokha, koma chizindikiro cha mitundu iwiri pa matisheti 45 mudzatopa nacho potokosa. Kapena muwapemphe asinthe akhale oyera a polyester, mugwiritse ntchito pulinta yanu. Ine ndikanakhala inu ndikanapita ku DTF.

Chikondi, 21:02
Ndipo mukasankha DTF, chithunzi chija mwapanga ndi njira yachiwiri ndicho cholondola, chifukwa DTF imakhala pamwamba pa nsalu, mtundu wake suchokera ku tisheti. Kungoti musaonjeze mthunzi kwambiri, ndipo ulusi wa nsalu usaonekere m'kati mwa zilembo, poti filimuyo imaphimba ulusi. Ikakhala sublimation pa tisheti yoyera ndiye Multiply yokha yakwana, ulusi uzioneka. Njira iliyonse yosindikizira ili ndi maonekedwe ake, ndiye chithunzi chizitsata makina.

Anabanda, 21:19
Ndilowereko abale, poti nkhani imeneyi inandionetsa zakuda chaka chatha ndipo mpaka lero imandiwawa.

Ndinalandira oda ya makapu 60 a kitchen party. Ndinatsitsa pa intaneti mockup yokongola, chithunzi choonetsa mmene katundu adzaonekere, kapu ili pa tebulo lamatabwa, maluwa pambali, kuwala kuli ngwee. Pa chithunzicho dizaini inazungulira kapu yonse mpaka pa chogwirira, nkhope ya mkwatibwi ndi dzina lake zonse zikuoneka mbali imodzi, pinki wake wowala ngati nyali. Azakhali a mkwatibwi atangoona anatumiza ndalama pa foni tsiku lomwelo.

Tsiku lotenga anabwera okha ku Matero kuno. Ndinayala makapu pa tebulo. Iwo anatulutsa foni, n'kutsegula chithunzi chija, n'kuiimika pambali pa kapu imodzi. Sanakalipe ayi. Anangotenga kapu n'kuitembenuza pang'onopang'ono. Ukaona nkhope, dzina labisala kumbuyo. Ukaona dzina, nkhope yapita. Pafupi ndi chogwirira pali mpata woyera mbali zonse ziwiri, poti mug press siifika pamenepo. Pinki uja anatuluka wozizira, wopita ku mtundu wa nyemba. Anati, mwana wanga, izi si zimene unandionetsa. Ndinasowa choyankha chifukwa ankanena zoona. Ndinabweza theka la ndalama, ndipo banja limenelo silinabwerenso, pamene ndi banja lalikulu, maukwati sakutha.

Kuyambira pamenepo ndinajambula kapu yanga yopanda kanthu, ya 11oz imene ndimagula nthawi zonse, katatu: chogwirira kumanzere, chogwirira kumbuyo, chogwirira kumanja. Pepala la kapu imeneyo ndi la masentimita pafupifupi 20 m'litali ndi 9 m'lifupi, ndipo munthu akaiyang'ana mbali imodzi saona dizaini yonse. Ndiye kasitomala ndimamutumizira zithunzi zitatu, mpata wa pa chogwirira ukuoneka bwinobwino.

Tembo, 21:24
Pepani achemwali. Nanga pa kapu mumapinda bwanji dizaini kuti izungulire?

Anabanda, 21:33
Ndi Warp, achimwene, ili pansi pa Transform. Kamera imayang'ana kapu kuchokera pamwamba pang'ono, ndiye mzere wa pansi pa dizaini uyenera kupindika motsata tako la kapu, wa pamwamba motsata mlomo. M'mbali mumapanikiza pang'ono chifukwa kapu ikupita kumbuyo. Kenako Multiply, poti kapu ndi yoyera. Koma chimene chimapangitsa kuti ioneke yeniyeni ndi kunyezimira. Kapu ya sublimation ndi yoterera, imakhala ndi mzere wowala wa windo kutsika m'mbali. Multiply imauphimba mzere umenewo. Ndiye ndimatenga kope ya kapu, ndimaidetsa ndi Levels mpaka patsale mzere wowala wokha, n'kuiika pamwamba ndi Screen. Mzerewo ukadutsa pamwamba pa dizaini, diso limakhulupirira.

Tembo, 21:48
Ndamva. Koma ndinene maganizo anga, akuluakulu musandimve molakwa. Ife tikupikisana ndi anthu ambirimbiri pa Facebook. Munthu akamatsetsereza chala pa foni amaima pa chithunzi chokongola. Ine ndinayesapo kujambula tisheti yanga pa hang'ala kunyumba ku Kabwata, khoma la kumbuyo lili ndi madontho, palibe anafunsa mtengo. Nditaika mockup ya pa intaneti, ya mnyamata ali mu situdiyo, mafoni anayamba kulira. Ndiye mukati tisiye zimenezi, tidya chiyani?

Aphiri a ku Kamwala, 21:57
Mphwanga, foni kulira ndi chinthu china, munthu kubweranso kachiwiri ndi chinthu china. Tisheti ya pa mockup zimenezo kawirikawiri ndi yokhuthala, khosi lake lolimba, yosokedwa mokwana thupi. Imene iwe ukagule ku Kamwala kuno mwina ndi yopyapyala, khosi lotambalala. Kasitomala samayang'ana dizaini yokha, amagula ndi tisheti yomwe.

Tembo, 22:01
Zoona bambo, koma amene sanakuimbire foni sangabwere ngakhale koyamba.

Anabanda, 22:08
Nonse mukunena zoona, kungoti mukukamba zithunzi ziwiri zosiyana. China ndi choitanira anthu, china ndi chogwirizanirana mtengo. Choitanira, a Tembo, kongoletsani mmene mungathere, ngakhale ine ndimakonda kuikapo ntchito imene ndinamaliza kale. Koma chimene munthu akuti ndavomera, sindikizani, chimenecho chikhale cha katundu amene muli naye m'manja.

Chikondi, 22:25
Ndipo kujambula tisheti yanu sikutanthauza kuti ioneke yonyansa. Vuto la chithunzi chija, a Tembo, mwina linali kuwala. Musajambule ndi fulashi, imapha makwinya onse n'kusiya nsalu ili mbee, pamene makwinyawo ndi amene tikuwafuna. Musajambulenso padzuwa la masana. Imani pakhonde pamthunzi, m'mawa kapena dzuwa litapendeka, kuwala kuzichokera mbali imodzi. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu, mafoni athu amakhala ndi mafuta a m'manja. Kumbuyo pachikani shiti yoyera kapena yotuwa. Tisheti isitidwe, koma ivalidwe ndi munthu, makwinya ake akhale a thupi osati a m'paketi.

Chinanso chimene ndinaphunzira nditalakwitsapo ndi kukula kwa dizaini. Pa kompyuta timakoka dizaini mpaka itikomere m'maso, osadziwa kuti ndi masentimita angati. Ndiye ine ndimajambula kawiri. Koyamba munthu wavala tisheti, pachifuwa ndamatapo pepala la A4 ndi selotepi, zala zitatu kapena zinayi kutsika kuchokera pa khosi. Kachiwiri ndachotsa pepala, munthu osasuntha. A4 ndi masentimita 21 ndi 29.7, ndiye chithunzi choyambacho chimakhala muyeso wanga. Ngati ndidzasindikiza dizaini ya masentimita 21 m'lifupi, pa chithunzi isapitirire m'mbali mwa pepala.

Amake Tiyamike, 22:31
Zimenezi ndalemba m'kabuku. Nanga zilembo zowongoka? Mthunzi ulipo tsopano, koma pamene pali khwinya lalikulu mzere wa zilembo ukudutsa mowongoka ngati rula.

Chikondi, 22:44
Imeneyo ndi ntchito ya Displace. Pa Photoshop mumatenga kope ya tisheti, kuichotsa mtundu, kuifewetsa pang'ono ndi Gaussian Blur kuti ulusi usasokoneze, n'kuisunga payokha ngati PSD. Kenako pa dizaini mupite Filter, Distort, Displace, muike manambala ang'onoang'ono monga 5 mpaka 10, musankhe fayilo ija. Kompyuta imayang'ana fayiloyo: pamene pali potuwa pakatikati siisuntha kanthu, pamene pada imakankhira mbali ina, pamene pawala mbali ina. Zilembo zimapindika motsata khwinya. Pa GIMP, amenenso ndi yaulere, ili pansi pa Filters, Map. Musakweze manambala, zilembo zimaoneka ngati zasungunuka.

Koma kwa lero musavutike nazo. Mukajambula tisheti yositidwa bwino, pachifuwa sipakhala khwinya lalikulu, mthunzi wokha umakwana.

Tembo, 22:49
Pa foni PicsArt ili ndi Multiply ndi Screen pa Blend, ndaziona. Clipping ija ndiye sindikuipeza.

Chikondi, 22:52
Yesani ibisPaint X, ili ndi ma layer, Clipping ndi Multiply yomwe. Anaipangira ojambula, koma ntchito imeneyi imagwira bwino.

Mai Daka, 23:05
Ine wa makina osokera ku City Market ndikumvetsera. Kodi zimenezi zingatheke ndi chitenge? Akwati amabwera ndi zitenge zitatu kuti tisankhe cha anthu a pa mzere, ndiye amafuna kuona diresi isanadulidwe.

Chikondi, 23:16
Zingatheke amayi. Sokani diresi imodzi ya nsalu yoyera, muiveke chidole, muijambule. Chitenge muchiyale pansi muchijambule kuchokera pamwamba, tepi yoyezera ili pambali. Tepiyo ndi yofunika chifukwa duwa la chitenge likakhala lalikulu ngati mbale, pa chithunzi lisaoneke ngati kandalama. Kenako Multiply pamwamba pa diresi yoyera ija. Thupi, manja ndi siketi muziike padera, chilichonse ndi chidutswa chake, monga mmene mumadulira.

Mai Daka, 23:20
Pamenepo mwanena. Duwa lalikulu limaduka pa msoko, ndipo mkwati akapanda kuuzidwa amati mwaononga chitenge. Ndimuuza mdzukulu wanga andithandize Loweruka.

Aphiri a ku Kamwala, 23:38
Ndisanagone ndibwerere pa pinki wa Anabanda, chifukwa October akubwera ndipo ambiri mudzalira ndi zomwezo. Chaka chilichonse pofika pa 24 October timasindikiza za ufulu wa Zambia, mitundu ya mbendera: wobiriwira, wofiira, wakuda ndi wa olenji, ndi nkhwazi pamwamba. Wobiriwira ndi olenji ndiyo imavuta. Sikirini imapanga mtundu ndi kuwala, RGB. Pulinta imapanga ndi inki, CMYK. Kuwala kumafika pamene inki siifika, ndiye wobiriwira wowala wa pa foni amatuluka wakuda pang'ono, olenji amapita ku njerwa. Kuonjezera apo foni iliyonse imaonetsa mtundu mwa njira yake, wina wakweza kuwala mpaka kumapeto, wina watsitsa posunga batire.

Ine pa shopu ndili ndi kansalu kamene ndinadindapo timabokosi ta mitundu yosiyanasiyana ndi makina anga, pansi pa kabokosi kalikonse pali nambala. Kasitomala amaloza ndi chala pa nsalupo, osati pa foni. Amene ali kutali ndimamulembera pansi pa chithunzi kuti mtundu weniweni ukhoza kusiyana pang'ono ndi wa pa foni. Ndipo oda ikapitirira matisheti 20 ndimadinda imodzi kaye, aione, aigwire. Tisheti imodzi ndi yotchipa kuposa 45.

Chikondi, 23:47
Ndionjezepo chimodzi, amayi. Chizindikiro chawocho anakutumizirani bwanji?

Amake Tiyamike, 23:49
Pa WhatsApp, ngati chithunzi. Akuti nawonso anachita kulandira kwa wina.

Chikondi, 23:58
Chimenecho muchiyang'anitsitse. WhatsApp imafinya chithunzi, ndipo chikadutsa m'manja ambiri chimafika chitatheratu. Pa mockup chimaoneka bwino chifukwa ndi chaching'ono, ndiye mockup imabisa vutolo. Mukachikulitsa kufika pa chifuwa cha munthu, m'mbali mwake mumatuluka timabokosi. Kuti A4 ituluke bwino pa 300 dpi, timadontho 300 pa inchi iliyonse, pamafunika ma pixel 2480 ndi 3508. Onani chanucho chili ndi angati. Apempheni afunefune fayilo yoyamba, atumize ngati Document. Akaisowa nditumizireni ndichijambulenso, ndi cha kwathu, sindingakulipiritseni. Inunso potumiza mockup muikepo dzina la bizinesi yanu mozimiririka podutsa pakati, alipo amene amatenga chithunzi n'kupita nacho kwa wina wotchipa.

Amake Tiyamike, 00:03
Batire yatha, ndikulemba pa foni. Mawa ndichita zonse. Gonani bwino abale.

Lachitatu

Amake Tiyamike, 16:40
Ndabwera ndi lipoti. M'mawa ndinapita ku Kamwala, ndinagula tisheti imodzi yokha yakuda, ya mtundu umene ndidzagule onse. Mwana wa achimwene anga ndiye anavala, tinajambula pakhonde cha m'ma 9, shiti ndinapachika pa chingwe choyanikira. Pepala la A4 linagwa kawiri ndi mphepo mpaka tinalibaya ndi pini. Nditayerekeza ndi pepalalo ndinapeza kuti dizaini ya dzulo ija ikanakhala pafupifupi masentimita 40, kuchoka kukhwapa kufika kukhwapa. Ndaichepetsa ifike pa 26.

Chizindikiro chinali ndi ma pixel 480 okha, Chikondi wachijambulanso masana ano. Chithunzi ndatumiza, ndipo amene akusunga ndalama aja andiimbira. Funso lawo loyamba linali lakuti, kodi mwasindikiza kale tisanagwirizane? Ndinawauza kuti ndi chithunzi chabe. Atachiika pa gulu lawo, agogo ena anaona kuti kumbuyo ndinalemba Mukaika m'malo mwa Mkaika, kumene kumachitikira Kulamba. Ndakonza. Theka la ndalama lalowa.

Anabanda, 16:46
Mwaona nanga! Chilembo chimodzi chimenecho pa matisheti 45, pamaso pa mafumu. Muwathokoze agogowo.

Tembo, 16:52
Amayi, chithunzicho chaoneka bwino ndithu, sindimayembekeza kuti pakhonde pangatuluke zotere. Ine za pa Facebook ndipitiriza ndi mockup zanga, koma ya pepala la A4 ndaitenga. Loweruka ndijambula zipewa.

Aphiri a ku Kamwala, 17:10
Mwagwira ntchito amayi. Tsopano masaizi. Amene anavala pojambula ndi wa saizi yanji?

Amake Tiyamike, 17:12
Medium. Pa mndandanda pali XXL asanu ndi mmodzi ndi ana anayi.

Aphiri a ku Kamwala, 17:21
Ndiye masentimita 26 pa XXL adzaoneka aang'ono, pa mwana adzafika m'khwapa. Muwauze lero lomwe. Kapena mupange masaizi atatu a filimu, ana masentimita 18, a XXL 30, ena onse 26, mtengo usinthe pang'ono, kapena avomere kuti onse akuluakulu ndi 26. Ngati mungathe, bwerekani munthu wonenepa avale XXL mujambulenso, aone okha.

Amake Tiyamike, 17:25
Abambo akunyumba kuno ndi XXL, akaweruka ndiwaimika pakhonde kusanade. Mawa ndikupita m'tauni kukasindikiza filimu imodzi yoyesera.

Aphiri a ku Kamwala, 17:33
Mukafika muwafunse zinthu ziwiri: kutentha ndi masekondi a filimu yawo, komanso ngati imasendedwa ikadali yotentha kapena itazizira. Mafilimu amasiyana, musatengere za sublimation, DTF imafuna moto wocheperapo. Tisheti muyambe mwaidinda yokha masekondi ochepa kuti chinyezi chichoke. Mukamaliza muichape kamodzi musanawaonetse.

Amake Tiyamike, 17:36
Ndalemba. Ndikadinda ndidzaijambula pakhonde pomwepo, ndiike pambali pa mockup, muone nonse ngati zafanana.